Tsamba la Foni m'Buku la Ndalama za Pakhomo Pathu: Maniamba, 2024

Pakhomo pano buku la ndalama ndimasunga ndine. Muli tsamba la mbewu ndi feteleza, tsamba la sukulu, tsamba la matenda ndi maliro, ndi tsamba la usipa umene bambo a ana anga amakapikula kunyanja ku Metangula n'kukagulitsa ku Lichinga. Maniamba ali pa msewu womwewo, ndiye ndalama ya chapa (minibasi) muiona kawirikawiri m'munsimu. Chaka cha 2024 ndinawonjezera tsamba la foni. Ndalikopera pano monga lilili, pamodzi ndi mawu amene ndinkalemba m'mphepete, chifukwa amayi ambiri a m'gulu lathu losonkherana ndalama la xitique anagula mafoni awo m'njira yomwe ife tinagulira. Ndalama zonse ndi meticais.

JANUWALE

Foni ya Android yogwirapo kale ntchito, pamsika ku Lichinga: 4,500 MT.
Fotokope ya chiphaso cha BI polembetsa nambala: 10 MT.
Mnyamata wa pabenchi yokonzera mafoni, potsegula foni: 150 MT.

Foniyi tinagulira malonda. Ogula usipa masiku ano sakhutira ndi mawu apakamwa. Amafuna aone chithunzi cha nsomba ili pathandala, adziwe ngati yauma bwino, kenako atumize ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Amene alibe foni yojambula amagulitsa pomalizira.

Nambala inalembedwa m'dzina la bambo. M'dziko muno la Mozambique nambala ya foni imamangiriridwa ku chiphaso cha munthu, ndipo malamulo a 2023, amene bungwe loona za mafoni la INCM limayang'anira, anawonjezerapo zidindo za zala ndi nkhope. Chochitika chilichonse pa nambala imeneyi adzayankha ndi bambo.

Za 150 MT zija. Kuti munthu atenge WhatsApp ku Play Store pamafunika akaunti ya Google, ndipo akaunti iliyonse ili ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Mnyamatayo anadinadina, n'kubweza foni WhatsApp ikugwira kale ntchito. Pepala sanapereke. Bambo atafunsa ngati pali china choti asunge, iye anati, "Palibe, madala, zonse ndakonza." Mawu onse pa foni anali m'Chipwitikizi chozama, chosiyana ndi cha pamsika chimene bambo amachidziwa. M'mndandanda wa manambala munali mayina a anthu osawadziwa. Tinkati ndi a mwini foni woyamba.

FEBULUWALE

Kutchaja pabaraka ya sola, 10 MT ulendo uliwonse, pafupifupi 150 MT pamwezi. Chaka chonse: 1,800 MT.
Mamega a intaneti amene tinapangana, 200 MT pamwezi. Chaka chonse: 2,400 MT.
Mamega owonjezera amene sitinawakonzekere: 300 MT.

Mamega a mwezi wathunthu anatha sabata isanakwane. Tinagula ena, nawonso anatha. Bambo ankaloza ana, ana ankaloza bambo. Aphunzitsi ena oyandikana nafe ataiyang'ana anapeza kuti chithunzi chilichonse ndi kanema aliyense amene tinkajambula ankakwera yekha pa intaneti, kupita ku akaunti ija. Mu Google Photos muli posankha kuti zithunzi zizikwera pa Wi-Fi pokha kapena pa mamega omwe, ndipo pa foni yathu wina anali atasankha mamega. Kanema wa chinkhoswe cha mdzukulu wa mfumu, amene bambo anajambula kuyambira pa nyimbo yoyamba mpaka pa mphatso yomaliza, anakwera yense.

Aphunzitsiwo anafotokoza motere, ndipo ndinalemba kuti ndisaiwale. Chimene amachitcha cloud ndi makompyuta a kampani, osungidwa m'nyumba zikuluzikulu m'mayiko ena. Foni ikalumikizidwa ku akaunti, imatumiza kumeneko zithunzi, manambala a anthu ndi zina, ndipo foni ina iliyonse yolowa pa akaunti yomweyo imazilandira. Ubwino wake ndi woonekeratu: foni ikagwera m'nyanja kapena ikabedwa, zinthu sizitayika. Ine ndinazimva ngati nkhokwe yomangidwa pabwalo la munthu wina. Chimanga chimasungika bwino, anankafumbwe sachigwira, koma wotsegula ndi amene ali ndi kiyi, ndipo kiyiyo ife tinalibe.

Anazimitsa zokwera pa mamega. Anatiikiranso nambala yotsekera foni, poti pabaraka foni imakhala maola ambiri m'manja mwa ena, ndipo mwezi wonse wa Januwale inkakhala yosatseka. Aphunzitsiwo sanalandire kanthu: 0 MT.

MALICHI

Nkhuku ya ankhoswe: 350 MT.
Shuga: 90 MT.
Chapa ya amalume kuchokera ku Metangula, kubwera ndi kubwerera: 200 MT.

Ndinatsegula foni kufuna chithunzi cha usipa, ndinapeza chithunzi cha mayi amene sindimudziwa, atavala nsalu ya capulana yatsopano, ataima pakhomo pa nyumba yamalata. Pansi pake panali khanda. Pansi pa khandalo panali pepala la ngongole lolembedwa dzina lachilendo. Ndinafunsa bambo, anati sakumudziwa. Takhala m'banja zaka zambiri ndipo sindinawapezepo ndi bodza la mtundu umenewu, koma chithunzi chinali m'manja mwanga ndipo foni inali yawo. M'nyumba munalibe kulankhulana mpaka ankhoswe anafika.

Anakhala pansi pa mango, a kuchimuna ndi a kuchikazi, foni ili pamphasa. Tinaitananso aphunzitsi aja. Iwo anaonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, dzina la akaunti silinali la bambo kapena la wina aliyense wa pakhomo pano. Linali zilembo ndi manambala osakanikirana. Chachiwiri, chithunzi chilichonse chili ndi tsiku limene chinajambulidwa, ndipo cha mayi uja chinajambulidwa tsiku limene bambo anali kumanda kukumba nawo, mudzi wonse ukuwaona. Mnyamata wa pabenchi uja amagwiritsa ntchito akaunti imodzi potsegula mafoni a anthu ambiri, chifukwa kutsegula yatsopano kwa munthu aliyense kumamutayira nthawi. Mayi ujayu anali kasitomala mnzathu. Mayina achilendo a mu Januwale aja analinso a makasitomala anzathu.

Amalume anati kwa ine, "Mwana wanga, mwamuna wakoyu alibe mlandu, umupepese." Ndinapepesa pamaso pa onse. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi. "Nanga aphunzitsi, ngati ife tikuona za eni ake, eni akewo sakuona zathu?" Aphunzitsi anati akuona.

Usiku umenewo ndinalemba zimene tinali titajambula kuyambira Januwale. BI ya bambo, mbali zonse ziwiri. BI yanga. Tsamba la xitique losonyeza amene alandire mwezi uti ndi ndalama zingati, lokhala ndi mayina a amayi amene anandikhulupirira n'kundisankha kukhala mlembi. Matumba a nyemba ali pakhonde, nyumba yathu ikuoneka bwinobwino. Ndi khadi la kuchipatala la apongozi, limene tinajambula poopa kuti lingadzanyowe ndi mvula. Pakhadipo palembedwa matenda amene iwo anauza ine ndi mwana wawo mmodzi yekha. Pa mzere umenewu sindinaikepo mtengo, ndipo mpaka lero danga lake lili lopanda kanthu.

EPULO

Chapa ya bambo kupita ku Lichinga ndi kubwerera, ulendo wopanda katundu: 500 MT.
Chakudya panjira: 100 MT.
Mnyamata yemwe uja, pochotsa akaunti yake: 200 MT.
Usipa wogulitsidwa motchipa chifukwa chosowa manambala a ogula: 1,200 MT.

Wina angafunse chifukwa chimene sitinangofufuta zonse pa foni n'kuyambiranso tokha. Mafoni a Android kuyambira cha mu 2015 ali ndi chitetezo cholimbana ndi akuba: foni ikafufutidwa mokakamiza, poyaka imafunsa akaunti imene inalimo kale. Chitetezo chimenechi n'chabwino kwa mwini akaunti. Pa foni yathu mwini akaunti anali mnyamata uja, ndipo aphunzitsi anatichenjeza kuti tikalakwitsa penapake titsala ndi foni yosatseguka. Komanso kufufuta foni sikukanachotsa zithunzi zimene zinakwera kale. Panafunika iyeyo.

Bambo anamupeza pabenchi pomwepo. Sanakane. Anati aliyense amatero, ndipo palibe kasitomala amene anadandaulapo. Bambo anamuuza kuti afufute zithunzi zathu iwo akuona, ndipo anafufuta chimodzichimodzi, khadi la apongozi lomwe, ali kuliwerenga. Kenako anachotsa akaunti pa foni n'kutchula 200 MT. Bambo analipira.

Pali zinthu ziwiri zimene sanawauze. Chithunzi chofufutidwa mu Google Photos chimakhala kaye masiku 60 m'malo a zotayidwa, ndipo m'masiku amenewo aliyense wokhala pa akauntiyo angathe kuchibweza. Ndiponso amene anachikopera kale pa foni yake, ali nacho. Chinacho bambo anachiona ali m'chapa: manambala onse amene anasunga kuyambira Januwale anali atapita, chifukwa ankasungidwa mu akaunti, osati mu foni kapena mu SIM. Ogula a ku Lichinga, a ku Cuamba, ndi mayi wina wa ku Mandimba amene ankatenga zidebe zingapo ulendo umodzi, onse anatsala m'mafoni a anthu ena. Ulendo wotsatira bambo anafika ndi usipa osapangana ndi munthu, ndipo anaugulitsa pa mtengo wa amene anawapeza. Kusiyana kwake ndi mtengo wa masiku onse ndi 1,200 MT ndalembayo.

Mnyamatayu sindimutcha wakuba. Sanatibere ndalama pa M-Pesa, ndipo sindinamvepo kuti anaopseza munthu ndi zithunzi. Koma analandira ndalama kawiri, poika ndi pochotsa, pa ntchito imene inavula anthu ambiri iwo osadziwa, ndipo tsiku limenelo anali akutsegulabe mafoni ena.

MEYI

Kope la pasiwedi ndi manambala: 25 MT.
Khadi losungira zinthu la 32 GB: 600 MT.
Akaunti yatsopano m'dzina la bambo: 0 MT.

Mwana wathu wamkazi, amene amaphunzira ku Lichinga, anabwera kumapeto kwa sabata ndipo anatsegula akaunti bambo ake ali pambali pake. Anawerenga tsamba lililonse n'kumamasulira m'Chinyanja, bambo n'kumayankha inde kapena ayi. Zithunzi zizikwera? Ayi. Foni izisunga mbiri ya malo amene mwayenda? Ayi. Manambala a anthu azisungidwa mu akaunti? Apa bambo anaganiza nthawi yaitali, chifukwa manambala ndiwo malonda, koma ndi a eni akenso, amene sanafunsidwe. Anati inde, ndipo ine ndinawakoperanso m'kope ndi cholembera. Ntchito yonseyi sinakwane ola limodzi. Ndi ola limeneli limene tinalipira 150 MT mu Januwale osalilandira.

Pasiwedi inalembedwa m'kope, ndipo kope limakhala m'sutikesi limodzi ndi makalata aubatizo. Amene amadziwa za makompyuta amati pasiwedi isalembedwe papepala. Kuno woopsa si munthu wotsegula sutikesi yanga, koma kuiwala, ndiye ndinalemba.

Khadi la 32 GB nalo lili ndi vuto lake. Likatayika kapena likawonongeka, zonse zapita, ndipo amene walitola angathe kuliika mu foni yake n'kuona zili momwemo. Zithunzi za ziphaso ndi za kuchipatala tinasiyiratu kujambula.

Mwezi womwewu INCM inabweretsa mitengo yatsopano ya mamega imene inathetsa mabandulo opanda malire. Achinyamata anayenda m'misewu ya Maputo, ndipo patapita milungu yochepa mitengoyo inaimitsidwa. Ndinakondwa nawo, poti mtengo wa mamega umatipweteka tonse. Koma mtengo wa mamega umaoneka ndipo anthu amaudziwa. Nkhani ya amene akusunga zithunzi zathu sindinaimvepo pa wailesi m'chiyankhulo chathu.

JUNI NDI JULAYI

Ndalama yotuluka pa nkhaniyi: 0 MT.

Inali nyengo ya mwera, asodzi sankapita kawirikawiri panyanja, ndipo foni inapuma. Panabwera funso limodzi lokha, lochokera pa WhatsApp: kodi mauthenga azisungidwa pa Google Drive?

Mwana wathu anatifotokozera pa foni. Uthenga wa WhatsApp ukamayenda kuchokera kwa ine kupita kwa wina umakhala wotsekedwa, moti ngakhale kampani yake siuwerenga. Koma kope la mauthenga losungidwa pa Google Drive silikhala ndi loko woteroyo pokhapokha mwini wake atamuika yekha. Njira yomuikira inabwera mu Okutobala 2021, ndipo munthu amasankha pasiwedi kapena kiyi ya zilembo ndi manambala 64. Akaiwala, palibe amene angamutsegulire, ngakhale WhatsApp yomwe. Komanso kuyambira kuchiyambi kwa 2024 kope limeneli likuwerengedwa mu 15 GB imene Google imapereka ulere pa Gmail, Drive ndi Photos pamodzi. Zithunzi zinayamba kuwerengedwa momwemo pa 1 Juni 2021. Malo akadzaza, ngakhale makalata a Gmail amasiya kulowa, ndipo wofuna malo ena amalipira mwezi ndi mwezi. Ku America 100 GB ndi $1.99. Ife tilibe khadi la banki lolipirira zoterezi.

Ine ndinkafuna tisasunge kalikonse. Bambo anati mu WhatsApp ndi momwe muli umboni wa ngongole za usipa, mawu a anthu olonjeza tsiku lobweza. Anali ndi mfundo. Tinagwirizana kuti kope lizisungidwa kamodzi pamwezi, lopanda makanema, lili ndi loko, ndipo pasiwedi yachiwiri inalowa m'kope la m'sutikesi.

M'mphepete ndinalembanso zimene aphunzitsi anatiuza, kuti ku America kuli lamulo la 2018 lotchedwa CLOUD Act, limene limapatsa boma lakumeneko mphamvu yolamula makampani ake kupereka zimene asunga, ngakhale zili pa makompyuta a m'mayiko ena, malinga atsate njira ya malamulo awo. Ngozi yathu yapafupi ndi benchi ya pamsika, osati Washington. Koma munthu ayenera kudziwa kuti zinthu zake zikachoka mu foni zimagwera pansi pa malamulo amene iye sanavotere owapanga.

OGASITI

Chapa yanga kupita ku Lichinga ndi kubwerera: 500 MT.

Mwana wathu yemwe uja, amene anatiphunzitsa zonsezi, anaimba foni akulira. Mnyamata wina wa kusukulu kwawo ankadziwa zimene iye ankalemberana ndi mnzake, ndi zimene ankalemberana ndi ine, ndipo anayamba kuzinena pagulu. Zina zinali za matenda a agogo ake. Anali atamubwereka foni kamphindi kuti aimbire kwawo. WhatsApp imalola kulumikiza zida zina mpaka zinayi pa nambala imodzi, kuti munthu aziwerenga mauthenga ake pa kompyuta kapena pa foni ina, ndipo kulumikizako kumatheka m'kanthawi kochepa ngati foni ili yopanda loko m'manja mwako. Mnyamatayo analumikiza yake.

Kuchotsa sikunafune ndalama. Pali tsamba losonyeza zida zolumikizidwa, ndipo munthu amadina n'kutulutsa chimene sakuchidziwa. Mwana wathuyo anali atachita kale ndisanafike. Ndinapitabe, chifukwa mwana anali atasiya kulowa m'kalasi. Nditafika anati, "Amayi, ndachititsa manyazi agogo." Ndinamuuza kuti manyazi ndi a amene anawerenga zosamulembera. Tinakaonana ndi akuluakulu a pasukulupo, ndipo Lolemba lake anabwerera m'kalasi.

Kubwereka foni kuno sikungathe. Amene alibe amabwereka kwa amene ali nayo, pa matenda, pa maliro, pofuna kulandira ndalama yochokera kwa mwana wake ku Nampula, ndipo ine sindidzamana munthu. Chimene tasintha n'chakuti timaimba tokha n'kumupatsa alankhule tili pomwepo, ndipo Lamlungu lililonse madzulo timayang'ana tsamba la zida zolumikizidwa lija.

SEPITEMBALA

Njinga yamoto kupita kuchipatala ndi mdzukulu: 100 MT.

Mdzukulu anatuluka zilonda m'malo obisika. Mayi ake anati tijambule titumize kwa msuweni wawo amene ndi namwino, atiuze mankhwala. Ndinakana. Mu Ogasiti 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba za bambo wina wa ku San Francisco amene anajambula mwana wake wodwala m'malo omwewo kuti dokotala aone. Zithunzizo zinakwera zokha ku akaunti yake, makina ofufuza zithunzi zozunza ana anazigwira, akaunti inatsekedwa, ndipo apolisi anamufufuza. Anapeza kuti analibe mlandu, koma pamene nkhaniyo inkalembedwa akaunti inali isanabwezedwe. Kufufuza ozunza ana n'koyenera ndipo ndikukuvomereza. Chimene nkhaniyi inandiphunzitsa n'chakuti chithunzi chokwera chimayang'anidwa. Ndipo ngakhale chisakwere, chithunzi cha maliseche a mwana sichiyenera kukhala mu foni imene imagona pabaraka. Tinamutengera kwa anamwino a pano pa Maniamba, anamuona ndi maso, anachira.

OKUTOBALA NDI NOVEMBALA

Crédito woimbira m'malo mwa WhatsApp: 200 MT.

Chisankho chinachitika pa 9 Okutobala. Pa 25 Okutobala intaneti ya pa mafoni inadulidwa m'dziko muno, ndipo masiku otsatira Facebook ndi WhatsApp zinkatsekeka, intaneti n'kumazima madzulo. Mnzathu wina wa m'xitique, amene mwana wake anamusungira mapepala onse pa intaneti n'kuwachotsa mu foni kuti apeze malo, sanathe kutsegula chikalata cha munda wake tsiku limene chinafunika kwa mfumu. Zathu zinali pa khadi ndi m'kope. Bambo anaimbira ogula mmodzimmodzi powerenga manambala m'kopemo. Chosungidwa kutali chimafuna intaneti kuti uchione, ndipo intanetiyo ili ndi oyatsa ndi ozimitsa ake.

DISEMBALA

Kusindikiza zithunzi 12 ku Lichinga, 25 MT chimodzi: 300 MT.

Alamu anga, mng'ono wawo wa bambo, anamwalira ku Johannesburg mu 2022. Foni yawo sinabwere ndi katundu. Zithunzi za zaka zonse zimene anakhala kumeneko, ndi mawu a malemu apongozi aamuna amene anawajambula akusimba za nthawi ya nkhondo, zinali mu akaunti yawo. Pasiwedi anapita nayo kumanda, ndipo nambala yolandirira uthenga wobwezeretsa inali ya ku South Africa. Google inalengeza kuti kuyambira Disembala 2023 ingathe kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse zili momwemo. Zaka ziwirizo zinakwana mu 2024. Pali njira yoti munthu adakali moyo asankhiretu abale odzalandira zinthu zake akaunti ikadzakhala chete, koma alamuwo sanaidziwe. Apongozi ali ndi chithunzi chimodzi cha mwana wawo ali wamkulu, chimene anawatumizira pa WhatsApp ya mnansi.

N'chifukwa chake ndinasankha zithunzi 12 za pakhomo pano n'kuzisindikiza papepala. Cha alamu chili pamwamba. Bambo anasankhiratu mwana wathu wamkazi kukhala wodzalandira za mu akaunti yawo.

KUPHATIKIZA

Zogulira ndi kusamalira foni, kutanthauza foniyo, fotokope, kutchaja ndi mamega a pangano: 8,710 MT.
Zotuluka pa nkhani ya amene akusunga, amene akuona ndi amene angatsegule zinthu zathu: 4,815 MT.
Zonse pamodzi: 13,525 MT.

Mzere wachiwiriwo waposa mtengo wa foni yeniyeniyo ndi 315 MT. Mulibemo khadi la apongozi, masiku amene m'nyumba munalibe kulankhulana, kapena sabata imene mwana sanalowe m'kalasi. Amayi a xitique ndinawauza okha pamsonkhano kuti tsamba lathu linaonedwa ndi anthu osadziwika. Tinasintha ndondomeko ya olandira, ndipo ndalama sizigonanso kwa mlembi.

Malamulo alipo. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko la Mozambique limateteza mbiri ya munthu ndi moyo wake wamseri. Gawo 71 limanena za zinthu zosungidwa pa makompyuta, ndipo limapatsa munthu ufulu woona zimene zasungidwa zokhudza iye ndi kuzikonzetsa. Lamulo la nambala 3/2017, la zochitika pa intaneti, lili ndi mbali yoteteza zinthu za munthu payekha. Dziko lathu linavomerezanso pangano la Malabo la African Union, limene linalembedwa mu 2014 n'kuyamba kugwira ntchito mu Juni 2023. Ku Malawi, anzathu a ku Likoma ndi ku Nkhotakota ali ndi Data Protection Act ya 2024, imene amayang'anira a MACRA. Palibe ngakhale limodzi mwa malamulo athuwa limene linafika pabenchi ija mu Januwale, ndipo ine ndinawamva koyamba kwa aphunzitsi zinthu zitawonongeka kale.

Pempho langa kwa a INCM ndi kwa akuluakulu a misika ndi laling'ono. Aliyense wotsegulira anthu mafoni azitsegula akaunti m'dzina la mwini foni, ndipo azipereka dzina la akauntiyo ndi pasiwedi papepala, monga risiti. Wopezeka akuika akaunti imodzi m'mafoni a makasitomala achotsedwe pamsika. Mawailesi a m'madera athu afotokoze zimenezi m'Chinyanja ndi m'Chiyao, monga amachitira ndi katemera ndi kalembera wa chisankho. Kwa makampani opanga mafoni ndi osunga zinthu, funso loti zinthu zikwere kapena zisakwere lizibwera m'chiyankhulo chimene wogula amamva, ndipo mpaka iye atayankha yekha, yankho lizikhala ayi.

Inu amene foni yanu anakutsegulirani munthu wina, lero lomwe lowani mu Play Store, dinani kabwalo ka pamwamba kudzanja lamanja, muwerenge dzina la akaunti. Ngati si lanu, kapena pasiwedi yake simukuidziwa, yambani mwakopera manambala anu onse papepala musanachotse chilichonse, kenako pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira mukafufutitse zithunzi zanu, za m'malo a zotayidwa zomwe, inu mukuona.